Si maphokoso a pa Facebook, mowa wake ndiwo udasintha

Amayi, mwafunsa ngati ana a masiku ano akumwadi ndi kusuta kuposa kale, kapena tikungokokomeza. Ine ndikuona kuti chachikulu chomwe chasintha ndi mtundu wa mowa komanso mmene ukupezekera.

Kale mowa unali wamasese, wofululidwa pa dima kapena pa sadaka, ndipo ankamwa ndi akuluakulu, poyera, chipanda chikuzungulira. Mwana akanaubisa pati? Kenako kudabwera masacheti, kachasu wa kufakitale m'timapepala totchipa, toti mwana wa sukulu ankatha kuika m'thumba la yunifolomu. Boma lidaletsa masacheti mu 2015, tonse tidaomba m'manja. Koma mowa womwewo udangosamukira m'timabotolo tapulasitiki, timidoli tija. Mvula ikagwa, kayang'aneni m'ngalande za ku Ndirande kapena ku Mchesi, muwerenge nokha timabotoloto. Dzana ndidakwera kabaza 7 koloko m'mawa, mnyamata wake fungo lili guu, kabotolo kakusuzumira m'thumba la jekete. Akuti n'kochotsa kuzizira. Ndidatsika tisanafike.

Lamulo limati osagulitsa mowa kwa mwana wosakwana zaka 18, ndipo ndondomeko ya dziko yokhudza mowa ilipo kuyambira 2017. Nanga wa paokala adafunsapo ndani chiphaso?

Pa chamba pali chisokonezo china. Mu 2020 Nyumba ya Malamulo idavomereza kulima chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale, kwa okhawo omwe ali ndi chilolezo. Anyamata ambiri adangomva theka lake, n'kumati chamba adachiloleza. Ayi ndithu, chosuta chija ukapezeka nacho apolisi akunjata mpaka lero.

Fodya ndiye nkhani yoseketsa pang'ono. Ndi amene amatibweretsera ndalama zakunja zochuluka, n'chifukwa chake tidachedwa mpaka 2023 kulowa nawo m'pangano lochepetsa kusuta la WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse. Ndudu amagulitsabe imodziimodzi pamsika, ndipo m'mabala a m'tauni mwadzaza shisha (fodya wosutira pa chipaipi, utsi wake n'kumadutsa m'madzi), yomwe atsikana ena amaiyesa zipatso chabe chifukwa cha kafungo kake.

Ngati mwafunsa chifukwa cha mwana wanu, musadikire kuti mpaka ayambe kuyankhula yekha mumsewu. A St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amathandiza ofuna kusiya mowa ndi chamba, ndipo kuchipatala cha boma chilichonse angakuuzeni koyambira.