Mafunso ndi Mayankho: Kulemekeza amayi amene anaphunzira pasukulu yathu

FUNSO: Zikomo akonzi. Ndili m'komiti ya bungwe la amayi amene tinaphunzira pasukulu ina ya sekondale ya atsikana. Chaka chamawa tikufuna kupereka mphoto kwa anzathu amene achita bwino pantchito komanso potumikira anthu, koma pagulu lathu la WhatsApp mkangano wabuka kale. Ena akuti tivote, ena akuti alandire amene amathandiza sukulu ndi ndalama. Tiyambire pati? Mayi wa ku Kasungu.

YANKHO: Mayi, zovota pa WhatsApp zilekeni. Amene amapambana mwanjira imeneyi ndi wa kalasi yomwe ili ndi anthu ambiri pagulupo, pomwe amayi amene anachoka pasukulu m'zaka za m'ma 1970 ambiri sali n'komwe pagulu. Opereka ndalama athokozeni ndi kalata yawoyawo, yowerengedwa pagulu. Anthu akangoganiza kuti mphoto ndi yogula, chaka chinacho oyenera eni ake adzaikana.

Yambani ndi kulemba mfundo zosankhira musanatchule dzina la munthu aliyense, chifukwa mayina akayamba kumveka mfundo zimapindidwa kuti zikomere mnzanu. Sankhani komiti ya anthu asanu kapena asanu ndi awiri, kuti mavoti asafanane. Achokere m'zaka zosiyanasiyana, ndipo m'modzi akhale mphunzitsi wamkulu kapena womuimira. Wa m'komiti asalandire mphoto chaka chimenecho, ndipo akamakambidwa m'bale wake kapena bwana wake, azituluka panja.

Fomu yotchulira mayina ikhale ya tsamba limodzi: dzina lomwe ankadziwika nalo pasukulu, dzina lapano, chaka cholowa ndi chotuluka, zomwe wachita, ndi anthu awiri osakhala abale amene angachitire umboni. Perekani milungu isanu ndi umodzi, ndipo mulengezenso m'mipingo, m'mizikiti ndi pawailesi za m'madera.

Pogawa malikisi, ife timalangiza 40 pa kutumikira anthu, 30 pa luso ndi kukhulupirika pantchito, 20 pa kutukula atsikana, 10 pa kuthandiza sukulu. Chifukwa chake n'chakuti udindo umaonekera patali. Tonse tikuwadziwa a Joyce Banda, amene anakhala Pulezidenti mu 2012, a Anastasia Msosa, mayi woyamba kukhala mkulu wa makhothi onse mu 2013, ndi a Catherine Gotani Hara, mayi woyamba kukhala Sipikala mu 2019. Sukulu iliyonse imalakalaka dzina lotere. Koma mzamba amene wabereketsa amayi pachipatala chaching'ono chakumudzi mpaka kupuma pantchito salembedwa m'nyuzipepala, ndipo malikisi akatsamira pa maudindo sangatulukire. Mumuikire gawo lake, pamodzi ndi aphunzitsi akumidzi ndi alimi. Mphoto zisapitirire zisanu. Zikachuluka zimatha mtengo.

Umboni utsimikizeni. Ngati munthu akuti ndi namwino, funsani ku Nurses and Midwives Council of Malawi, dokotala ku Medical Council of Malawi, loya ku Malawi Law Society. Wa bungwe lothandiza ana amasiye, mutume anthu awiri akaone ndi maso, akalankhulenso ndi amfumu. Pa chaka cha zisankho andale muwadikiritse, kuopa kuti mwambo ungasanduke msonkhano wokopa anthu.

FUNSO: Nanga amene sanamalize Fomu 4, kapena anamwalira, angalandire? Mayi wa ku Limbe.

YANKHO: Angalandire, bola zilembedwe m'mfundo zanu. Chisanafike chaka cha 1993, pamene boma linalola kuti mtsikana wobereka abwerere kusukulu, wotenga mimba ankachotsedwa basi. Enanso anasiya posowa fizi. Ena mwa amenewa anadzamalizira kwina nakhala anthu odalirika. Lamulo losavuta ndi lakuti aliyense amene anaphunzirapo zaka ziwiri ndi wanu.

Chovuta chimakhala kuwapeza m'kaundula, popeza ambiri akugwiritsa ntchito dzina la amuna awo. N'chifukwa chake fomu ifunse dzina lakusukulu. Kaundula akakhala kuti anadyedwa ndi chiswe, anzake awiri a m'kalasi achitire umboni polemba.

Za omwalira, pitani kubanja kaye, ndipo banjalo lisankhe lokha wodzalandira. Komiti ikadzisankhira, imautsa mikangano pakati pa akuchimuna ndi akuchikazi. Ngakhale amoyo afunseni mwachinsinsi musanalengeze. Pali ena amene safuna kuti mbiri ya mimba ija kapena ya banja lawo iwerengedwe pagulu, choncho mawu odzawerengedwawo awaone okha.

FUNSO: Mwambowu tichite liti, ndipo ndalama tiziyendetse bwanji? Mayi wa ku Mzuzu.

YANKHO: Ambiri amathamangira 8 Malichi, tsiku la amayi padziko lonse, koma nthawi imeneyo mvula ikadalipo ndipo misewu yakumidzi imavuta. Okutobala ndi wabwino: pa 11 ndi tsiku la mwana wamkazi, pa 15 ndi tsiku la anakubala, ndipo sukulu zimakhala zotsegula. Pewani Juni ndi Julayi chifukwa cha mayeso a MSCE. Chitirani pasukulu pomwepo, Loweruka, mutapempha chilolezo kwa eni sukulu miyezi itatu tsikulo lisanafike.

Ndalama zipite ku akaunti ya bungwe ya osayinira atatu, awiri azisayina potapa. Zikamalowa pa Airtel Money kapena Mpamba ya munthu m'modzi, zimasakanikirana ndi zake, ndipo msungichuma wosalakwa amatchedwa wakuba. Chakudya ndi zokongoletsa zisadye kupitirira theka la ndalama. Poyamba patulani ya thiransipoti ndi malo ogona a olandira mphoto, makamaka opuma pantchito. Zotsala zipite pa satifiketi ndi bolodi la mayina lopachika muholo.

Mbiri ya aliyense iwerengedwe kwa mphindi zitatu, mlendo wolemekezeka apatsidwe khumi. Kenaka patulani ola lathunthu loti atsikana akhale m'magulu a anthu 20 kapena 30 ndi olandira mphotowo, aphunzitsi ali potero, kuti afunse momasuka za maphunziro oyenera kusankha ndi mapointi ofunika kukoleji.