Achimwene, musanalipire mapulani a kagalimotoko

Mwafunsa ngati n'kwanzeru kugula mapulani a Centurion pa intaneti n'kudzipangira kagalimoto kosamwa mafuta m'garaja yanu, poti mizere ya petulo yakutopetsani. Ndikuyankhani ngati munthu wowotcherera zitsulo amene fulemu ya kagalimoto kake inakhala kuseri kwa nyumba zaka ziwiri, nkhuku n'kumaikiramo mazira.

Ngati cholinga n'kupulumutsa ndalama ya mafuta basi, zisiyeni. Gulani Daihatsu Mira kapena Suzuki Alto ya injini ya 660cc, muzipopa bwino matayala, muziyenda pang'onopang'ono. Koma ngati manja akukuyabwani ndipo mukufuna kudzakwera chinthu chopanga nokha, pamenepo tikambirane.

Centurion yo si nthano ayi. Anaikonza ndi Robert Q. Riley wa ku America, ndipo inatuluka m'magazini ya Mechanix Illustrated mu 1982. Inatchuka chifukwa ankati imayenda mamailosi 128 pa galoni imodzi ya dizilo, komwe ndi pafupifupi makilomita 54 pa lita. Chimene ambiri saona n'chakuti nambala imeneyo ndi ya liwiro la mamailosi 35 pa ola, makilomita 56 okha. Liwiro mukaliwirikiza kawiri, mphepo imakukankhani kanayi, ndiye pa M1 mukamathamangitsana ndi maminibasi musayembekezere 54 yo. Injini yake ndi ya Kubota ya masilinda atatu, mphamvu yake 17 horsepower. Chitunda ngati cha ku Dedza, muli awiri ndi thumba la mbatata, mudzakwera ndi giya yaing'ono, akabaza akukudutsani.

Vuto lalikulu ndi chasisi. Mapulaniwo amafuna Triumph Spitfire, galimoto ya ku Britain imene inasiya kupangidwa mu 1980. Riley anaisankha chifukwa bodi yake imamasulidwa n'kusiya chasisi payokha ndi matayala, mabuleki ndi chiwongolero. Spitfire muipeza kuti ku Biwi kapena ku Ndirande? Ndipo musaganize kuti mungolowetsapo Vitz kapena Mira yogundidwa. Magalimoto amenewa alibe chasisi yapadera, mphamvu yawo ili m'bodi momwemo. Mukadula denga mwathyola msana. Choncho pezani kaye galimoto yochotsako zipangizo, mapulani agulidwe pambuyo. Ine ndinachita chobwerera, ndinayamba mapepala, n'chifukwa chake nkhuku zija zinapeza nyumba.

Ndikanakhala inu ndikanayang'ana pulani ya matayala atatu, awiri kutsogolo, limodzi kumbuyo. Riley yemweyo anakonzanso ina yotchedwa Tri-Magnum: kumbuyo ndi njinga yamoto yochotsedwa tayala lakutsogolo, kutsogolo ndi ekiselo ya Volkswagen Beetle. Ubwino wake, injini, giyabokosi, tcheni ndi buleki yakumbuyo zimabwera pamodzi zitapangidwa kale ku fakitale. Iyo inkafuna njinga zikuluzikulu, ndiye ngati yanu ndi 150cc ya akabaza, kagalimotoko kayenera kukhala kopepuka kwambiri, ka anthu awiri osapitirira. Kumbukiraninso kuti njinga ilibe giya yobwerera m'mbuyo. Ya tayala limodzi kutsogolo ija, ngati Bajaj, sichedwa kupendekera mukamanga buleki pokhota.

Wina mu gulu muno wanena kuti mumangemo injini ya chigayo. Ayi ndithu. Ndi yolemera, imanjenjemera mpaka kumasula mabawuti, ndipo inapangidwira kuzungulira liwiro limodzi tsiku lonse itakhazikika pa konkire.

Pa zowotcherera ndi pamene ndikufuna mundimvetsetse. Mapulani a ku America ali m'mainchi, mapaipi a kuno ali m'mamilimita, ndipo ambiri amene ali pa msika ndi a mageti ndi mabedi, opyapyala. Musayeze ndi maso. Tengani kachipangizo koyezera kotchedwa kalipa ku hardware, muyeze kukhuthala kwa paipi iliyonse musanalipire. Makina a ndodo amene timawotchera mawindo amaboola paipi yopyapyala, kapena amangomata pamwamba mkati musanagwirane, ndipo mudzazindikira tsiku lomwe mwagwera m'dzenje. Pezani wa makina a MIG, owotcherera ndi waya ndi gasi, kapena mmisiri amene wawotcherapo mathirela. Fulemu imakoka ikatentha, choncho ikhomereni pa tebulo lowongoka, mudonthezere mfundo zonse kaye, muyeze mopingasa ngodya ndi ngodya, kenako muwotchere mosinthanasinthana mbali. Yanga ndinawotchera mbali imodzi yonse tsiku limodzi pothamangira magetsi asanazime, inatuluka yopotoka ngati nkhanu. Mabuleki, chiwongolero ndi ma ball joint musapange nokha kapena kuwotcherera. Chotsani pa galimoto ina zili zathunthu.

Bodi ndiyo imagwetsa anthu ulesi. Mumasema foam, n'kuikuta ndi fiberglass, kenako kupala ndi sandipepa masabata osawerengeka. Foam yake ikhale ya polyurethane. Yoyera ija yobwera m'makatoni a mafiriji imasungunuka ikakhudzana ndi resin ya polyester, mankhwala omatira fiberglass, mungoona ntchito yanu ikusanduka phala. Fungo la resin limapweteka mutu, fumbi la fiberglass limayabwa ndi kulowa m'chifuwa, ndiye chitseko cha garaja chikhale chotsegula, chophimba kumphuno chikhale chenicheni, ana asamasewerepo. Funsaniponso mtengo wa resin ndi nsalu yake musanayambe, poti zonsezi n'zochokera kunja.

China, timagalimoto timeneti n'tapansi kwambiri, n'topangidwira misewu yosalala. Tulukani ndi tepi mukayeze hampu yaitali kwambiri pa njira yanu ya kuntchito. Mukakakweza kuti kazidutsa, mphepo iyamba kulowa pansi, mafuta akwera pang'ono, koma bola zimenezo kusiyana ndi kusiya sampu, chosungira oyilo pansi pa injini, pa msewu. Chiwongolero nacho chikhale kumanja monga mwa kuno.

Musanadule chitsulo ngakhale chimodzi, pitani ku Road Traffic ndi mapulani anu. Mukafunse kuti galimoto yopanga nokha amailembetsa bwanji, nambala ya chasisi ichokera kuti, ya matayala atatu ili m'gulu la njinga kapena la galimoto, ndi zimene adzayang'ane pa COF. Mukafunsenso a inshuwalansi ngati angailandire. Yankho lililonse likhale lolembedwa, ndipo malisiti a injini ndi blue book ya njinga kapena galimoto yomwe mwaphwasula muzisunge mu fayilo imodzi.

Mukapeza njingayo, tumizani chithunzi cha injini ndi muyezo wa garaja yanu mu gulu muno. Tebulo langa lowotcherera lija likadalipo, mutha kudzalinyamula Loweruka lililonse.