Kodi Golide Amachiritsa Khansa? Yankho kwa Mayi wa ku Kasungu

Mayi wina wa ku Kasungu wandilembera kuti bambo ake anawapeza ndi khansa ya prostate (kachiwalo ka amuna kokhala pansi pa chikhodzodzo), ndipo akufunsa ngati n'zoona kuti golide amachiritsa khansa, popeza wina akufuna kuwagulitsa madzi akumwa amene akuti muli golide.

Mayi, pepani ndi matendawa. Nkhani munamvayo ili ndi pochokera, koma chimene chimapha khansa m'njira imeneyi ndi kutentha, osati golideyo. Akatswiri awiri, Naomi Halas ndi Jennifer West, ali pa yunivesite ya Rice ku Houston, anapanga timibulu tokutidwa ndi golide tochepa kwambiri moti pafunika mazanamazana kuti tifanane ndi kunenepa kwa tsitsi limodzi. Timibuluti amatilowetsa m'magazi kudzera m'mtsempha, ndipo popeza mitsempha ya m'chotupa imakhala yochucha, tambiri timakatsakamira mmenemo. Tsiku lotsatira dokotala amalowetsa kachingwe kotulutsa kuwala kwamphamvu kotchedwa laser m'chotupamo, golide uja n'kumeza kuwalako n'kutentha mpaka maselo a khansa kupsa, pamene mnofu wabwino wozungulira suvulala kwenikweni.

Mu 2019 madokotala a chipatala cha Mount Sinai ku New York analengeza kuti mwa amuna 15 a khansa ya prostate amene analandira chithandizochi, 13 sanapezeke ndi khansa pamalo pamene anawotchapo patatha chaka. Zotsatirazi n'zolimbikitsa, komabe anthu 15 ndi ochepa kwambiri, khansa yawo inali isanafalikire, ndipo kuwalako sikulowa patali m'thupi. Njirayi inali yoyesera chabe.

Madzi akukugulitsaniwo, ngakhale mutakhaladi golide weniweni ngati amene anthu akukumba kwanu ku Kasunguko, sangawotche kanthu m'mimba popanda laser, ndipo ine ndikuona kuti ndalamayo ndi bwino ikhale yoyendera. Kupha maselo oipa ndi kutentha si kwachilendo kwathu kuno, pajatu amayi akapimidwa ndi viniga n'kupezeka ndi zizindikiro zoyamba pa khomo la chiberekero, anamwino amawotchapo ndi kachipangizo kotentha, popanda golide aliyense.

Bambowo pitani nawo ku chipatala cha boma cha Kasungu pamodzi ndi mapepala awo onse, ndipo mukafunse za kalata yowatumizira ku Kamuzu Central ku Lilongwe, kumene madokotala angaone pamene khansayo yafika ndi kusankha chithandizo chowayenera.