Munthu amene ankayamba wafunsa nthaka asanajambule mzinda

Mchemwali wina wa ku Blantyre, amene akuphunzira zokonza mapulani a mizinda, wandilembera imelo. Akuti chichitikireni ngozi ya namondwe wa Freddy mu Marichi 2023, pamene matope ochokera m'phiri la Soche anakokolola nyumba ku Chilobwe, wakhala akudzifunsa ngati ntchito ya mlangizi wa zachilengedwe pa zomangamanga za m'mizinda ili ndi phindu lenileni. Akufuna ndimutchulire munthu mmodzi amene ntchito yake ingamuphunzitse kanthu.

Mchemwali, munthu amene ndingakutchulireni mosakayika ndi Ian McHarg. Iyeyu anabadwa mu 1920 ku Clydebank, pafupi ndi Glasgow ku Scotland, m'dera lodzaza ndi utsi wa mafakitale. Atamenya nawo nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, anakaphunzira pa yunivesite ya Harvard ku America, ndipo kuyambira mu 1954 ankaphunzitsa pa University of Pennsylvania, uku akugwiranso ntchito yaulangizi pa kampani imene anakhazikitsa ndi anzake.

Chimene chimandigwira mtima ndi njira yake, imene anaifotokoza m'buku lake la mu 1969, Design with Nature. Asanalembe mzere uliwonse wa msewu kapena puloti, ankajambula mapu angapo pamapepala oonekera mkati: ena a mtundu wa dothi, ena a malo otsetsereka, ena a madambo ndi njira za madzi, enanso a nkhalango ndi nyama. Pamalo poopsa kapena pofunika kutetezedwa ankadetsapo. Akasanjikiza mapepalawo, malo osayenera kumangapo ankada bii, pamene malo oyenera nyumba ankatsala oyera. Mapu a pakompyuta a GIS amene mukuphunzira masiku ano amatsata nzeru yomweyi.

Kumene njirayi inayesedwa kwambiri ndi ku The Woodlands, tauni ya kumpoto kwa Houston ku Texas, imene wabizinesi George Mitchell anaitsegula mu 1974. Malowo ndi athyathyathya, ndipo dothi lambiri ndi lamakande, losamwa madzi msanga. McHarg analangiza kuti dothi lamchenga, limene limameza madzi a mvula, lisaphimbidwe ndi simenti, kuti nyumba zochuluka zimangidwe pamakande pamene madzi salowa kale, ndiponso kuti madzi aziyenda m'ngalande zaudzu ndi m'timitsinje tachilengedwe m'malo mwa mapaipi okwiriridwa pansi. Mitengo yambiri inasiyidwa chiimire, moti munthu woyenda mumsewu ankaona nkhalango, nyumba zili kuseri.

Koma sindingakubisireni mbali yowawa ya ntchitoyi, chifukwa ndiyo yankho lenileni la funso lanu. Mlangizi amalangiza chabe. Mwini malo ndi akhonsolo ndiwo amagamula. Ku The Woodlands komweko, zaka zitapitapo, makamaka malowo atagulitsidwa mu 1997, zigawo zatsopano zinayamba kumangidwa ndi ngalande zasimenti ndi mapaipi monga matauni ena onse, popeza ogula ambiri ankakonda kapinga wometedwa bwino kusiyana ndi tchire pakhomo. McHarg analandira mphoto ya Japan Prize mu 2000, n'kumwalira mu 2001 zimenezi zikuchitika.

Choncho pamene mukuphunzira kusanjikiza mapu, phunziraninso kuimirira pamsonkhano wa khonsolo kapena pabwalo la amfumu, n'kufotokozera bambo amene wagula kale puloti m'mbali mwa phiri la Soche chifukwa chake malo akewo ada bii pamapu anu, komanso kumene angakamange m'malo mwake.