Mafunso Anu: Kukagona Masiku Angapo m'Nkhalango ya Mvula

Mwezi uno makalata ambiri akufunsa za maulendo a m'nkhalango zowirira za kumadera otentha, monga za ku Amazon, za m'chigwa cha mtsinje wa Congo ndi za pachilumba cha Borneo, kumene anthu amapita ndi namulondola kukaphunzira kudzisamalira kutchire. Tasankhapo awa.

Funso: Akonzi, ndalembetsa ulendo wa masiku 6. Anzanga akundiopseza ndi nkhani za akambuku ndi njoka. Kodi chimene chimabweza anthu panjira n'chiyani kwenikweni?

Yankho: Bambo, zilombo zikuluzikulu mwina simudzaziona n'komwe, chifukwa zimamva mgugu wanu mukadali kutali n'kuzemba. Chimene chimagonjetsa anthu ndi kunyowa. Walira mvula walira matope: nkhalangozi zimalandira mvula yoposa mamilimita 2,000 pachaka, ndipo chinyezi cha mumpweya kawirikawiri chimapitirira 80 peresenti. Thukuta siliuma, chochapa sichiuma, ndipo kabala ka munga kamene kwina mukanangokaiwala, kuno kamatukusira pakangopita masiku awiri.

Choncho tengani zovala zamitundu iwiri basi. Zina n'zoyendera masana, zimene zizikhala zonyowa ulendo wonse. Zina n'zogonera, ndipo zimenezi zizikhala m'thumba losalowa madzi, lokulungidwanso m'thumba lina. Madzulo mukamanga pogona, sambani, pukutani thupi, valani zouma. M'mawa vulani zoumazo, zibwezereni m'thumba, n'kuvalanso zonyowa zadzulo zija. Zimazizira, zimanunkha, ndipo pa tsiku lachitatu mtima umakunyengani kuti "lero lokha ndiyende ndi zouma". Mukamvera mtimawo, pofika 9 koloko zonse zidzakhala zonyowa ndipo masiku otsalawo muzigona ndi chinyontho. Zoyendera zikhale thalauza ndi malaya a manja aatali, zansalu yopyapyala ya nayiloni kapena poliyesita. Jinzi ndi zathonje zokhuthala zisiyeni, zimamwa madzi n'kukunyulani m'ntchafu.

Mapazi ndiwo amafuna chisamaliro choposa. Phazi likakhala m'madzi tsiku lonse, khungu limayera n'kuchita makwinya ngati manja a munthu amene wachapa kuyambira m'mawa. Likapanda kuuma usiku, limayamba kusupuka, pakati pa zala pamang'ambika, ndipo kuponda pansi kumakhala kowawa. Usiku uliwonse tsukani mapazi ndi madzi oyera, pukutani pakati pa chala chilichonse, thirani paudala wopha fangasi, ndipo gonani opanda sokosi. Nsapato zimene amati sizilowa madzi n'zachabe kuno: madzi amalowera pamwamba mukamaoloka mtsinje, kenako amasowa potulukira. Sankhani zokhala ndi timabowo totulutsira madzi m'mbali, kapena jombo zamphira ngati namulondola wanu akuti njirayo ndi yamatope. Musapite ndi nsapato zatsopano zimene phazi silinazolowere.

Funso: Ndili ndi tenti yabwino ndithu. Bwanji akundiuza kuti ndigule hamoki?

Yankho: Amene akuuzaniwo akudziwa. Pansi pa nkhalangoyi ndi pamatope, pamizu, ndipo ndi msewu wa linthumbu, zinkhanira ndi anankalizi. Mvula ikagwa usiku madzi amayenda pansi pomwepo. M'tenti mumakhalanso chitungu chosagoneka. Hamoki, bedi lansalu lomangirira pakati pa mitengo iwiri, imakuchotsani pansi ndipo mphepo imadutsa. Gulani yokhala ndi neti yosokereratu komanso yansalu ziwiri kunsi, chifukwa udzudzu umaluma kudzera pansalu imodzi yomwe yathina pamsana.

Musanamange chilichonse, yang'anani kumwamba. Nthambi zouma zolendewera ndi mitengo yofumbwa ndi chiswe zimagwa usiku mphepo ikawomba, ndipo zimapha. Mitengo yambiri ya m'nkhalangozi ili ndi mizu yosazama. Ku Amazon musamange pansi pa mtengo wa Brazil nut pa nyengo ya zipatso, chifukwa chibalobalo chake chimodzi chimafika makilogalamu 2 ndipo chimagwa kuchokera patali kwambiri. Ku Borneo chenjerani mofananamo ndi durian, mtengo wa zipatso zikuluzikulu zaminga. Pewaninso m'mphepete mwa mtsinje. Mvula ikhoza kugwa kumtunda inu osaiona, madzi n'kukwera mamita angapo usiku umodzi. Zinyalala zokodwa m'nthambi zimakuuzani pamene madzi anafika ulendo watha. Mangani pamwamba pa pamenepo.

Pezani mitengo iwiri yamoyo, yopanda minga kapena nyerere, yotalikirana mamita 4 kapena 5. Yambani ndi lona wa mamita 3 mbali zonse: kungani chingwe pamwamba pa mutu wanu, yalani lonayo, kokerani ngodya zake pansi. Mukatero ndiye zina zonse muzichita muli pouma. Malamba a hamoki atsike motsetsereka pafupifupi madigiri 30, osati kukungika ndi, ndipo mukakhalamo mutalikire pansi ngati theka la mita. Pa lamba aliyense, m'kati mwa lona, mangiriranipo kachingwe kolendewera. Madzi otsetsereka kuchokera kumtengo amatsata kachingweko n'kudonthera pansi. Mukakaiwala, amatsata lamba mpaka pamsana panu. Gonani chopingasa pang'ono kuti msana uwongoke, ndipo musasiye kabulangete kopyapyala, chifukwa m'bandakucha kumsana kumazizira. Nsapato zivundikireni pa timitengo tiwiri tozika pansi, ndipo m'mawa zikutumuleni musanavale.

Yambani kumanga cha m'ma 3 koloko masana. Kufupi ndi equator, mzere wa pakati pa dziko lapansi, dzuwa limalowa cha m'ma 6, koma pansi pa masamba mdima umayamba msanga kuposa pamenepo.

Funso: Kodi madzi a m'timitsinje toyera mbee tija sangamwedwe momwemo?

Yankho: Ayi, mayi. Kuyera kwa madzi sikunena kanthu za tizilombo. Nyama zimakodzera ndi kufera momwemo, ndipo kutsekula m'mimba muli mtunda wa masiku awiri kuchokera kumsewu si nkhani yamasewera. Njira yodalirika ndi kuwiritsa: madzi abwate kwa mphindi imodzi yathunthu. Sefa ya timabowo tating'ono kwambiri, ta ma micron 0.1 kapena 0.2, imatsekereza mabakiteriya ndi tizilombo totsekula m'mimba ngati Giardia, koma mavairasi amadutsa, choncho mukasefa ponyanimonso piritsi loyeretsa madzi. Mapiritsi a chlorine dioxide amafuna mphindi 30, koma kuti aphe kachilombo kolimba kotchedwa Cryptosporidium amafuna maola 4. Madzi akakhala amatope, asiyeni adikhe, asefeni pansalu, kenako ndiye muthire mankhwala, chifukwa matope amafooketsa mankhwala ndi kutseka sefa. Madzi a mvula otchera pa lona woyera ndi abwino ndipo savuta.

Poyenda mudzafuna malita 4 kapena kuposerapo patsiku. Mkodzo ukakhala wochepa ndi wachikasu chakuda, mwatsalira. Koma madzi okha sakwanira, chifukwa thukuta limapita ndi mchere. Tengani mapaketi a ORS, kapena sungunulani timasupuni 6 ta shuga tosadzaza mulu ndi theka la kasupuni ka mchere mu lita imodzi. Mnzanu akayamba kuyankhula zosamveka kapena kuyenda dzandidzandi kukutentha, musadikire: muikeni pamthunzi, mumasuleni zovala, muthireni madzi thupi lonse.

Namulondola adzakuonetsani mitengo yoyanga imene imasunga madzi. Amadula kumwamba kaye, kenako kunsi, chifukwa mukayamba kunsi madzi amathawira m'mwamba. Umene ukutulutsa utomoni woyera ngati mkaka kapena wowawa, usiyeni. Musayese panokha mtengo umene sanakuonetseni, ndipo bowa wakutchire musamukhudze n'komwe.

Funso: Ndikonzekere bwanji pa za mankhwala ndi katemera?

Yankho: Onanani ndi dokotala kudakali milungu 4 mpaka 6. Katemera wa yellow fever amafunika m'maiko ambiri a ku Africa ndi ku South America. Chiphaso chake chimayamba kugwira ntchito pakatha masiku 10 mutabayitsa, ndipo kuyambira mu 2016 malamulo a WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, amati n'cha moyo wonse. Onetsetsaninso kuti wa kafumbata sanathe mphamvu.

Pa malungo, dokotala ndiye asankhe mankhwala malinga ndi dera. Atovaquone-proguanil mumayamba kutatsala tsiku limodzi kapena awiri, n'kupitiriza masiku 7 mutatulukako. Doxycycline mumayambanso chimodzimodzi koma mumapitiriza milungu 4, ndipo apa ndi pamene ambiri amalekezera panjira poona kuti abwerako bwino. Mapiritsiwa sateteza ku dengue, imene udzudzu wake umaluma masana, kapena ku leishmaniasis, imene imabwera ndi tintchentche ting'onoting'ono totha kudutsa neti ya maso aakulu. Dzolani mankhwala othamangitsa udzudzu a DEET a 30 mpaka 50 peresenti pakhungu loonekera, ndipo zovala ndi neti zinyikeni mu mankhwala ophera tizilombo a permethrin musananyamuke. DEET imasungunula pulasitiki, choncho isayandikire magalasi, wotchi kapena kampasi. Mukatentha thupi mutabwerako, ngakhale patapita milungu, kayezetseni tsiku lomwelo ndipo muuzeni dokotala kumene munali ndiponso kuti munkaoloka mitsinje, kuti aganizirenso za leptospirosis, matenda ofala kudzera m'madzi okhala ndi mkodzo wa nyama.

Funso: Msundu ukandiluma ndiutenthe ndi fodya kapena ndiuthire mchere?

Yankho: Zonse ziwiri ayi. Mukauzunza umasanzira m'bala. Kanikizani khungu pambali pa kamwa lake, kumbali yopyapyalayo, lowetsani chikhadabo pansi n'kuukankha chammbali. Magazi azituluka kwa maola angapo chifukwa malovu ake amaletsa magazi kuundana, si zoopsa. Tsukani, kanikizani, matani pulasitala. Choopsa ndi kukanda, chifukwa ndi kumene kumayambitsa chilonda. Pisirani thalauza m'sokosi ndi malaya m'thalauza.

Funso: Moto umayaka bwanji pamene chilichonse n'chonyowa?

Yankho: Nkhuni zapansi zisiyeni, n'zowola. Funani mtengo wouma woimirira kapena nthambi zakufa zokodwa m'mwamba. Kunja zimanyowa koma mtima wake ndi wouma, choncho ziwazeni ndi chikwanje, n'kupala mtimawo kukhala timapalo topyapyala todzaza manja awiri. Konzeranitu milu itatu musanayatse: tonga machesi, tonga pensulo, ndi zonga chala chachikulu. Moto wambiri umazima chifukwa munthu wayatsa kenako n'kuyamba kuthamangathamanga kufuna nkhuni. Yalani zikuni pansi kuti motowo usakhale padothi lonyowa, ndipo zina ziunjikeni m'mbali kuti ziziuma.

Choyatsira chabwino ndi kachidutswa ka chubu chakale cha njinga, kotalika ngati chala. Kamayaka ngakhale kanyowe, ndipo kamakhalitsa mokwanira kuumitsa timapalo. Thonje lopaka Vaseline nalonso limathandiza, komanso utomoni wouma umene anamulondola amautola pamakungwa a mitengo ina. Tengani malaita awiri, m'matumba osiyana. Kupekesa moto n'kosangalatsa kuphunzira, koma musadalire zimenezo pa chakudya chamadzulo.

Funso: Nanga ndikalumidwa ndi njoka, kapena ndikasiyana ndi gulu?

Yankho: Pa njoka, malangizo a WHO ndi omveka: musamange mwendo mothina, musateme, musayamwe. Chokanipo pamalopo, vulani mphete ndi zina zothina chifukwa pakhoza kutupa, mangirirani mwendowo ku kamtengo kuti usagwedezeke, ndipo wolumidwayo anyamulidwe kupita kuchipatala chokhala ndi mankhwala othana ndi ululu wa njoka. Musataye nthawi kuisaka kuti muiphe. Popewa, pondani pamwamba pa chipika kaye n'kuona kuseri musanatsike, musapise dzanja pamene maso sakuona, ndipo usiku musapite kuthengo opanda tochi ndi nsapato.

Zoona zake n'zakuti chikwanje chanu chomwe n'chimene chili pafupi kukuvulazani. Temani chopendekera, kuloza kutali ndi miyendo, mnzanu ali mamita 3 kutali. Chobuntha chimadumpha n'kubwerera pamsongolo, ndiye chinoleni. Mukatopa kapena kukayamba mdima, chibwezereni m'chimake. Mukaterereka musagwire chilichonse chimene chili pafupi, chifukwa mitengo yambiri ya kanjedza ili ndi minga yaitali pathunthu lonse.

Kusochera kumachitika mwamsanga, nthawi zambiri munthu akapatuka kukadzithandiza osauza aliyense. Mamita 20 okha, gulu simukulionanso, ndipo mbali zonse zikufanana. Mukazindikira, imani pomwepo. Imbani wenzulo katatu, mvetserani, bwerezani. Kumenya ndi chikuni mizu ikuluikulu yonga matabwa kumamvekanso patali kuposa kukuwa. Namulondola amayamba kukufunani pamene anakuonani komaliza, choncho phazi lililonse limene mwaponya likumuonjezera ntchito. Wenzulo, laita, tochi, kampasi ndi mapiritsi a madzi zizikhala m'thumba la zovala zanu, osati m'chikwama. Pooloka mtsinje masulani lamba wa m'chiuno wa chikwama, yang'anani kumtunda, gwirani ndodo. Madzi othamanga akapitirira m'mawondo, dikirani aphwe. Mitsinje ing'onoing'ono imatsika msanga monga imakwerera.

Funso: Ndingadziwe bwanji kuti kampani yotsogolera ulendo ndi yodalirika?

Yankho: Afunseni mafunso amene amafuna yankho lenileni. Munthu akavulala pa tsiku lachitatu, adzatuluka bwanji, ndipo zidzatenga maola angati kufika kuchipatala? Akati helikopita, funsani pamene idzatere, chifukwa pansi pa mitengo yotalika mamita 30 kapena 40 malo otera ndi osowa, ndipo nthawi zambiri wodwala amatuluka pamachira kapena pabwato. Kodi ali ndi foni ya setilaiti kapena kachipangizo koitanira thandizo? Netiweki ya foni wamba kulibe. Kodi anamulondola ndi angati, ndipo alipo mmodzi wotsalira kumbuyo kwa mzere? Anaphunzira chithandizo choyamba chakutchire? Ali ndi chilolezo cholowera m'nkhalangoyo, ndipo alipo pakati pawo anthu obadwira m'deralo, amene amadziwa mitengo ndi mitsinje yake?

Funsaninso za mtunda. Kopanda njira, kilomita imodzi ikhoza kudya ola lathunthu, choncho amene akulonjeza makilomita 20 patsiku, kapena mukayenda m'njira yolimidwa kale kapena sakukuuzani zoona. Chikwama chanu chisapitirire gawo limodzi mwa magawo 5 a kulemera kwa thupi lanu, madzi ali momwemo. Pomaliza werengani pepala la inshulansi mpaka pansi, muone ngati imalipira kuchotsedwa kutchire, chifukwa zambiri zimangoyambira pakhomo la chipatala. Ngati muli ndi matenda a shuga, mphumu, a mtima, kapena thupi lanu limadana ndi mbola za njuchi ndi mavu, auzeni polembetsa, ndipo mankhwala anu muwagawe pawiri: ena kwa inu, ena m'chikwama cha namulondola.