Kwa mtsikana wa ku Luchenza amene akufuna kudzafufuza katemera

Mtsikana wina wa Fomu 4 wa ku Luchenza wandilembera imelo. Akuti azakhali ake adamwalira ndi kolera wa 2022 mpaka 2023 uja, ndipo kuyambira pamenepo mtima wake uli pa ntchito yofufuza katemera ndi mankhwala a matenda oopsa opatsirana. Akufunsa ngati ntchitoyi ili ya okhawo amene ali ndi mwayi wopita kunja.

Pepani ndi malirowo, achemwali. Yankho ndi lakuti ayi, ndipo poyambira pake ndi kwanu konko. Yunivesite ya MUST ku Ndata m'boma la Thyolo, yomwe idatsegulidwa mu 2014, imaphunzitsa Medical Microbiology ndi Immunology, maphunziro a tizilombo toyambitsa matenda ndi mmene thupi limadzitetezera. Ku Blantyre kulinso KUHeS, yunivesite ya maphunziro a zaumoyo. Limbikirani Biology, Chemistry ndi masamu, ndipo dziwiranitu kuti mukatenga digiri yoyamba kudzakhalabe masters ndi PhD kutsogolo.

Kafukufukuyu amachitika konkuno. Katemera wa taifodi adayesedwa ku Ndirande ndi ku Zingwangwa kuyambira mu 2018 pa ana oposa 28,000, ndipo mu 2023 boma lidayamba kumupereka m'dziko lonse. Katemera wa malungo wa RTS,S adayamba kuperekedwa m'sikelo kuno ku Malawi mu Epulo 2019, Ghana ndi Kenya asanayambe. Komatu ntchito yomupanga idayamba m'zaka za m'ma 1980. Wopupuluma sangaithe. Masiku ambiri mudzakhala mukulemba manambala pa timabotolo ta magazi, kubwereza zomwe zakanika dzulo, ndi kulemba makalata opempha ndalama za kafukufuku.

Chimene chimandikhudza kwambiri ndi ichi. Mu 2017, mphekesera za anamapopa zitabuka ku Mulanje ndi kufalikira ku Phalombe ndi ku Thyolo, munali mwana, koma afunseni amayi anu. Anthu adaphedwa. Tsono taganizani wofufuza afike m'mudzi ngati womwewo ndi singano, akupempha magazi a mwana wa miyezi isanu. Mayi amene akana si mbuli, ali ndi mafunso oyenera: magaziwo apita kuti, aona ndani, mwanayo akadwala ayankha ndani. Lamulo la kafukufuku limati kholo livomere litamvetsa bwino, mosakakamizidwa. Afotokoze ndani m'Chichewa kapena m'Chilomwe chomveka, atayamba wadzera kwa amfumu, ngati si mwana wa komweko? N'chifukwa chake ndikufunitsitsa mutaitenga ntchitoyi inuyo, wokulira pakati pa minda ya tiyi, wodziwa kukhala pamphasa ndi azimayi popanda kudzikweza.

Mukamaliza mayeso a MSCE, kapempheni kwa akuluakulu a chipatala cha boma cha Thyolo kuti mukaone ntchito ya mu labu ngakhale tsiku limodzi. Akakulolani, pemphani akuonetseni tizilombo ta malungo pa maikulosikopu, kenako mudzandilemberenso.