Pa pampu ya madzi sankhani choose, ndipo else musamupatse mphamvu yoyatsa

Achimwene a ku Ulónguè, mwati mu Home Assistant, pulogalamu yoyendetsa zipangizo za pakhomo, muli ndi pampu yokweza madzi m'thanki, mabatire a sola ndi mababu a panja, ndipo mwaima pamphambano: mulembe if ndi else zolowetsana (if ndi funso la inde kapena ayi, else ndi chochita yankho likakhala ayi), mugwiritse choose (mndandanda wa njira zosankhapo imodzi), kapena mupange ma automation angapo osiyana (malamulo amene makina amatsata okha). Ine ndikuti pa pampu tengani choose. Ndikunena izi chifukwa else anandipweteka kuno ku Moatize.

Poyamba ndinalemba mwachidule. Mphindi 10 zilizonse makina azifunsa kuti kodi madzi m'thanki apitirira 90 peresenti? Ngati inde, pampu izime, else iyake. Zinayenda bwino milungu ingapo. Usiku wina magetsi anathima, ndipo atabwerera Raspberry Pi, kakompyuta koyendetsa Home Assistant, inadzuka bwinobwino, koma ka ESP32 koyeza madzi sikanagwirenso Wi-Fi. Home Assistant inkaona sensa ija ili unavailable, kutanthauza kuti siikupezeka. Funso lija silinayankhidwe kuti inde, ndiye makina anatsikira ku else n'kuyatsa pampu pamene thanki inali yodzaza kale. Ndinadzuka mbandakucha n'kupeza madzi akutsetsereka pakhoma la bafa, pakhomo pali matope ofika m'kakolo, bomba, monga timaitchulira kuno, ikungolira yokha. Madzi amene mayi a kunyumba akanachapira mlungu wathunthu anathera m'dothi.

Vuto la else ndi limeneli: amatola chilichonse chimene simunachiganizire, ngakhale sensa yakufa. Kwathu kuno, kumene magetsi ndi netiweki zimatha kuchoka nthawi iliyonse, zosaganizirika ndi zambiri.

Choose inabwera mu 2020 ndi Home Assistant 0.113. Imawerenga njira zanu kuyambira pamwamba, ikapeza yoyamba yoona imachita yomweyo n'kusiya zina zonse. Choncho kandandalikidwe kake ndiye nkhani yonse. Pamwamba penipeni ikani yoti sensa ikakhala unavailable kapena unknown, pampu izime ndipo foni yanu ilandire uthenga. Yachiwiri, batire likatsika kufika pamlingo umene mwaika, izime. Imeneyi musaipeputse, chifukwa ku Angónia mvula yamvumbi ya Januwale ndi Febuluwale imatha kubisa dzuwa masiku angapo, ndipo simungafune kuti pampu imalize batire ana n'kugona mumdima. Yachitatu, thanki ikadzaza, madzi atapitirira 90 peresenti, izime. Yoyatsa ikhale yomaliza, ndipo ikhale ndi zofunika zake zonse: madzi atsika pansi pa 30 peresenti, komanso nthawi ili pakati pa 9 koloko m'mawa ndi 3 koloko masana, mapanelo akupereka mphamvu. Gawo la default, lomwe ndi else wa choose, lisiyeni lopanda kanthu. Mpata wa pakati pa 30 ndi 90 ndi umene umaletsa pampu kumangoyaka n'kuzima madzi akamagwedezeka, zimene zimatopetsa mota.

Sikuti if ndi yoipa ayi. Inabwera mu 2022.5 kudzathandiza pa funso limodzi la mayankho awiri, ndipo pa mababu a panja ndi yokwanira: dzuwa likakhala pansi ayake, apo ayi azime. Babu likayaka molakwika palibe chimene chawonongeka. Chimene ndimaletsa ndi kuika if mkati mwa if, mkati mwa if inanso. Pakatha miyezi itatu inu nomwe simudzadziwa kuti else uyu ndi wa funso liti.

Pali kanthu kena kamene kamagwetsa ambiri, ndipo sikakhudza if kapena choose. Trigger ndi chimene chimayambitsa automation, ndipo ya sunset imalira kamodzi, panthawi imene dzuwa likulowa. Ngati makina anali ozima nthawi imeneyo, mwayi wapita, mababu sayaka usiku wonse. Trigger ya numeric_state, yoyang'ana nambala monga kuchuluka kwa madzi, nayonso imalira pokhapokha nambala ikamadutsa malire, osati ikakhala kuti inadutsa kale. Ndiye pa automation iliyonse yofunika onjezerani trigger ya homeassistant start, kuti makina akadzuka aziyang'ananso mmene zinthu zilili. Dziwaninso kuti mukalemba for, kunena kuti zikhale choncho kwa mphindi zakuti, kuwerengako kumayambiranso makina akazima n'kuyaka.

Za ma automation angapo, ine ndimatsata zoti chipangizo chimodzi chikhale ndi automation imodzi. Mukapatsa pampu mabwana awiri, wina aziyatsa wina azizimitsa, ndipo kupeza wolakwa kumavuta. Ikakhala imodzi mumangotsegula Traces, mbiri ya mmene automation yayendera, imene imasunga maulendo 5 omaliza, n'kuona njira imene makina anadutsa komanso chifukwa chake.

Koma chonde, achimwene, chitetezo chomaliza musachisiye m'manja mwa kompyuta. Itanani wamagetsi wodziwa ntchito yake akuikireni float switch m'thanki, yodula pampu payokha madzi akafika pamwamba. Ngati relay yanu, switchi yoyatsa ndi kuzimitsa pampu, ndi ya mtundu wa Shelly, ili ndi auto off mkati mwake, yozimitsa yokha pakatha nthawi imene mwaika. Yezani nthawi imene thanki yanu imatenga kuti idzaze, onjezerani pang'ono, n'kuika nambala imeneyo. Mukatero pampu izima ngakhale Raspberry Pi itafa.

Mukamaliza kulemba, sankhani masana amene muli pakhomo, thanki ili pakatikati. Yatsani pampu, zulani waya wa sensa, muone ngati izima ndiponso ngati uthenga ufika pafoni. Kenako zimitsani Raspberry Pi, muiyatsenso sensa ikadali yozula. Mukaona pampu ikuyaka, titumizireni chithunzi cha Traces kuti tiyang'ane limodzi pamene padumpha.